Kodi mwana aliyense tizimuphunzitsa m'njira imene iye amaikonda?

Mphunzitsi Watsopano:
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano? Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere. Ndimaphunzitsa Sitandade 5. Mnzanga wina wandipatsa pepala la mafunso loti ana ayankhe. Akuti likandiuza kuti uyu amaphunzira bwino poona, uyu pomva, uyu powerenga ndi kulemba, uyu pogwira zinthu ndi manja. Akuti ndikadziwa zimenezi ndiwagawe m'magulu anayi, gulu lililonse ndizilikonzera phunziro lakelake. Mtima wanga ukufunitsitsa kuti mwana aliyense apindule, chifukwa ndikuona ndi maso anga kuti ena ndikuwasiya m'mbuyo. Koma kukonza phunziro limodzi kanayi tsiku ndi tsiku n'zotheka? Nanga zimathandizadi? Amene munayesapo ndithandizeni chonde.

Mayi a Sitandade 2:
Taswera bwino madamu, takulandirani. Zoti ana amasiyana musakayike n'komwe. M'kalasi mwanga muli kamnyamata kena kosatha kukhala pansi. Ukamalemba pabolodi iko maso ali pawindo, miyendo ikungogwedezeka. Koma ukakapatsa zitsekerero za mabotolo kuti kawerengere, kamakhazikika. Kamawonkhetsa, kamachotsera, mpaka kumathandiza anzake. Mwana wotereyu ine ndimati ndi wa manja. Pepalalo ligwiritseni ntchito, kungoti za magulu anayi tsiku lililonsezo mutopa nazo teremu isanathe.

Wamasamu:
Mayi, ndifunseko pang'ono. Tsiku limene munabweretsa zitsekererozo, ana ena aja amene amakhala phee kumvetsera anavutika nazo? Kapena nawonso masamu anawalowa?

Mayi a Sitandade 2:
Ayi, onse anasangalala, ndipo ambiri anakhoza. Mwana wa Sitandade 2 angakane kugwira zinthu ndani?

Wamasamu:
Ine ndaima pomwepo. Ngati zinathandiza onse, chimene mwapeza si choti mnyamatayo ndi wa manja. Mwapeza kuti mwana wa zaka 7 amene akungoyamba kuchotsera amafunika kuona zinthu zikuchepa pamaso pake asanayambe kulemba manambala. Mnyamatayo wangoonekera msanga chifukwa iye phunziro likamudutsa amaonetsa, pamene anzake limawadutsa ali chete.

Wa ku Koleji:
Zikomo madamu pobweretsa nkhaniyi, ifenso kuno timakangana nayo chaka ndi chaka ndi aphunzitsi amene tikuwasula. Mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Pepala mwapatsidwalo likuchokera ku njira yotchedwa VARK. Anaiyambitsa ndi Neil Fleming wa ku New Zealand mu 1987. Iyeyu anagwirapo ntchito yoyendera sukulu, ndipo funso limene linkamuvuta ndi lomwe likukuvutani inuli, loti n'chifukwa chiyani phunziro limodzi limafika kwa ana ena koma ena ayi. Zilembo zinayizo zikuimira kuona, kumva, kuwerenga ndi kulemba, ndi kuchita ndi thupi. Njira zogawira ophunzira chonchi zilipo zambirimbiri. Mu 2004 Frank Coffield ndi anzake ku England anapeza zokwana 71, n'kusanthula mozama 13 mwa izo, ndipo anaona kuti zambiri miyeso yake njosadalirika.

Koma kafukufuku amene ndikufuna mumudziwe ndi wa mu 2008, wa Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork. Iwowa anayamba ndi kufotokoza mmene nkhaniyi ingayesedwere mwachilungamo. Ophunzira agawidwe monga mwa zokonda zawo, okonda kuona uku, okonda kumva uko. Kenako gulu lililonse ligawidwenso pawiri mwamaere, theka liphunzitsidwe ndi zithunzi, theka ndi mawu apakamwa. Pomaliza onse alembe mayeso amodzimodzi. Ngati ganizoli n'loona, okonda kuona ayenera kukhoza kwambiri akaphunzitsidwa ndi zithunzi, okonda kumva akaphunzitsidwa ndi mawu. Atafufuza zimene ena analemba, anapeza kuti ndi ochepa kwambiri amene anayesa mwanjira imeneyi, ndipo mwa ochepawo angapo zotsatira zawo zinatsutsiratu ganizolo. Zoti anthu ali ndi zokonda sanakane. Mukafunsa munthu amakuuzani ndithu kuti ine ndimakonda zithunzi. Chimene sichinapezeke ndi umboni woti mukatsata zokondazo munthuyo amakhoza kuposa mmene akanakhozera.

Mayi a Sitandade 2:
Abambo, kafukufuku ameneyo anachitika pa ana kapena pa akuluakulu a ku yunivesite? Chifukwa munthu wa zaka 20 anazolowera kale kudzikakamiza, angathe kuphunzira m'njira iliyonse. Mwana wamng'ono sali choncho. Ine ndimakhala nawo tsiku lonse, ndimawaona.

Wa ku Koleji:
Mwagunda pofunika mayi. N'zoona kuti kafukufuku wambiri wa nkhaniyi anachitika pa akuluakulu. Koma wa ana aliponso. Mu 2020 Beth Rogowsky ndi anzake ku America anayesa ana a giredi 5, a zaka 10 ndi 11, msinkhu womwewu wa ana a madamu afunsa funsowa. Anawayesa mmene amamvetsera nkhani akaimva ndi khutu komanso akaiwerenga. Kugwirizana pakati pa njira imene mwana ankati amaikonda ndi mmene anamvetsera nkhaniyo sikunaoneke. Ndinenenso kuti amene amakhulupirira ganizoli si ochepa, ndipo si aphunzitsi aulesi ayi. Mu 2012 kafukufuku wina anafunsa aphunzitsi ku United Kingdom ndi ku Netherlands, ndipo oposa 90 mwa 100 aliwonse anati n'zoona. Anthu amalikhulupirira chifukwa limachokera pa chinthu chabwino, chofuna kuona mwana aliyense payekha. Chinthu chabwinocho tisachitaye.

Kholo la Ana Atatu:
Pepani aphunzitsi athu, ine si mphunzitsi koma ndimatsatira. Mwana wanga wamkazi wachiwiri matebulo anamukanika mpaka pamene anayamba kuwaimba. Lero mukamudzutsa usiku n'kumufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8 amayankha asanatsegule maso. Mchimwene wake sanafune nyimbo, ankangoyang'ana pa tchati. Ndiye mukuti kusiyana kumeneku ndikungolota?

Wamasamu:
Simukulota bambo. Koma taganizani, pamene ankaimba matebulowo anawabwereza kangati? Posamba, popita ku sukulu, posewera ndi anzake. Nyimboyo inachititsa kuti abwereze kosawerengeka popanda womukakamiza. Chimene chinamuthandiza ndi kubwerezako komanso kuchikonda chinthucho. Tsopano yesani ichi. Mufunseni kuti, m'chipinda muli mizere 7 ya mipando, mzere uliwonse mipando 8, yonse ndi ingati? Ngati wayankha msanga, zili bwino. Ngati waima n'kumakuyang'anani, ndiye kuti nyimbo waloweza koma tanthauzo la kuchulukitsa silinafike, ndipo pamenepo afunika kujambula mizereyo, ngakhale iye ndi wokonda kuimba.

Kholo la Ana Atatu:
Ndimuyesa madzulo ano. Zikomo aphunzitsi.

Wasayansi:
Ine ndimaiona nkhaniyi kuchokera ku phunziro lenilenilo. Kawirikawiri chimene chimasankha njira ndi chinthu chimene ukuphunzitsa. Malo a mayiko sungawaphunzitse bwino popanda mapu, ngakhale kalasi yonse itati imakonda kumvetsera. Katchulidwe ka mawu a chilankhulo chachilendo mwana ayenera kukamva ndi khutu. Kulumikiza batire, waya ndi babu kuti liyake, ayenera kugwira yekha, aone kuti waya akangomasuka pang'ono babu lazima. Ukamupatsa mwana ameneyu ndime yowerenga chifukwa pepala lati ndi wowerenga, wamumana phunziro.

Chinanso, zimene ophunzira amati zikuwathandiza nthawi zina sizikhala zimene zikuwathandizadi. Mu 2019 ku yunivesite ya Harvard anayesa ophunzira fizikisi. Tsiku lina ankamvetsera mphunzitsi wodziwa kufotokoza bwino, tsiku lina ankalimbana okha ndi mafunso m'magulu asanauzidwe mayankho. Atafunsidwa anati anaphunzira zambiri tsiku lomvetsera lija. Mayeso anaonetsa kuti anakhoza kwambiri pa zimene analimbana nazo okha. Munthu akamamvetsera zoyenda bwino amaona ngati wamva zonse. Akamavutika amaona ngati sakuphunzira, pamene ubongo ukugwira ntchito nthawi yomweyo.

A Hedi Opuma:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Ine mantha anga pa pepala limeneli ali pa mwanayo. Mwana amakhulupirira zimene mphunzitsi wamuuza za iye mwini kuposa za m'buku lililonse. Ukamuuza kuti iwe ndiwe wa zithunzi, mawa akakumana ndi tsamba lodzaza mawu anena kuti izi si zanga. Ndinaonapo mtsikana wina wanzeru zake akukana kuyesa n'komwe kulemba chimangirizo, akuti iye anauzidwa kuti ndi wogwira ndi manja. Anazinena modzidalira, ngati wapatsidwa chilolezo. Zinatitengera nthawi kuti timubweze. Moyo udzafuna kuti mwana aliyense athe kumvetsera malangizo, kuwerenga kalata, kumasulira chithunzi, ndi kugwira ntchito ndi manja. Kumene ali wofooka n'kumene afunika kuphunzitsidwa kwambiri, osati kumuthawitsako.

Wa Fomu 2:
Nanga za Howard Gardner zija, za nzeru zamitundumitundu? Si zomwezi?

Wa ku Koleji:
Anthu amazisakaniza koma n'zosiyana. Gardner, katswiri wa ku yunivesite ya Harvard, mu 1983 ankanena za mitundu ya luntha, monga la chilankhulo, la masamu, la nyimbo, la thupi, la kukhala ndi anthu. Iye mwini analemba poyera kuti zimenezi si njira zophunzirira, ndipo sanagwirizane ndi zomata ana mayina. Chimene amalimbikitsa n'choti mfundo yofunika iziphunzitsidwa m'njira zingapo kwa ana onse.

Mphunzitsi Watsopano:
Ndamva akuluakulu, ndipo ndathokoza. Koma vuto langa likadali pomwepo. Pepala ndiliika pambali, chabwino. Nanga ana amene ndikuwasiya m'mbuyo aja? Ndikamafotokoza pang'onopang'ono, akutsogolo amayamba phokoso chifukwa atha kale. Ndikafulumira, theka la kalasi likungokopera za pabolodi osamva kanthu. Ngati sindiwagawa monga mwa zokonda zawo, ndiwasiyanitsa bwanji?

Wa ku Koleji:
Apa ndiye tafika pa mutu weniweni. Amene anatchukitsa nkhani yosiyanitsa kaphunzitsidwe ndi Carol Ann Tomlinson wa ku yunivesite ya Virginia, amene anayamba ndi kuphunzitsa ana m'kalasi kwa zaka zambiri. Iye amati mphunzitsi angathe kusintha zimene ana akuphunzira, njira imene akudzera, ndi chimene apereke posonyeza kuti amva. Ndipo posintha aziyang'ana pamene mwana wafika, zimene zimamukopa mtima, ndi mmene amagwirira bwino ntchito. Mwa zitatuzi, cholemera kwambiri kwa ine ndi choyambacho. David Ausubel mu 1968 analemba kuti chinthu chachikulu koposa chimene chimalamula kuphunzira ndi zimene wophunzirayo akudziwa kale, ndipo mphunzitsi ayambe wafufuza zimenezo. M'kalasi mwanumo madamu, ngakhale onse alembedwa kuti Sitandade 5, muli ana amene pa kuwerenga ali pa Sitandade 2, ena pa Sitandade 7. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kwa maso ndi makutu.

Wamasamu:
Ndionetse ndi chitsanzo, chifukwa kwa ine zonse zili m'makope. Lembani pabolodi 52 kuchotsera 38. Yankho ndi 14. Mukamachonga musangoika chizindikiro cholakwa n'kupitirira, yang'anani yankho limene mwana walemba.

Wina alemba 26. Ameneyu pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 8 kuchotsera 2 apeza 6, 5 kuchotsera 3 apeza 2. Sakudziwa kuti 52 ndi makumi asanu kuphatikiza 2, ndipo khumi limodzi lingamasulidwe. Ameneyu mupatseni mitolo ya timitengo khumikhumi, amasule mtolo umodzi ndi manja ake. Wina alemba 24. Ameneyu kubwereka akudziwa, wapeza 12 kuchotsera 8 ndi 4, koma waiwala kuti makumi atsala anayi. Timitengo sakufunikira kwenikweni, mungomuzoloweretsa kudula 5 n'kulemba 4 nthawi yomweyo pamene wabwereka. Wina alemba 15. Njira yonse akuidziwa, waphonya powerengera zala kuchokera pa 12. Ameneyu afunika kubwereza masamu ang'onoang'ono mpaka akhale m'mutu. Wina alemba 90. Wawonkhetsa, mwina sanaone chizindikiro, mwina sachidziwa.

Ana anayi, onse alakwa funso limodzi, koma thandizo lawo ndi losiyana. Pepala la zokonda silikanakuuzani chilichonse mwa zimenezi. Dokotala safunsa wodwala kuti mumakonda mapilisi a mtundu wanji, amayamba wamuyeza kuti aone chikumuvuta.

Mayi a Sitandade 2:
Izi za 26 ndimaziona kawirikawiri, ngakhale kwa ana a m'makalasi akuluakulu. Apa ndiye sinditsutsa achimwene.

Mphunzitsi Watsopano:
Koma makope ndi ambiri achimwene. Kusanthula yankho lililonse chonchi ndigona nthawi yanji?

Wamasamu:
Simuchita pa ntchito yonse ayi. Kumapeto kwa phunziro perekani funso limodzi lokha, losankhidwa bwino, aliyense alembe pa kapepala ndi dzina lake. Mukakhala pansi musachonge n'komwe, ingounjikani. Okhoza mulu wawo, a 26 mulu wawo, a 24 mulu wawo, otsalawo mulu wawo. Mphindi zochepa mwatha, ndipo mawa mukudziwa oti muyambe nawo. Paul Black ndi Dylan Wiliam mu 1998 anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wosonyeza kuti kuyesa kotereku, kofuna kudziwa chochita mawa osati kopereka malikisi, kumakweza kukhoza, makamaka kwa ana otsalira.

Wa Sitandade 4:
Pa kuwerenga pali njira yofanana ndi imeneyi yotchedwa Teaching at the Right Level, kutanthauza kuphunzitsa mwana kuyambira pamene wafika. Inayamba ndi bungwe la Pratham ku India. Mwana aliyense amayesedwa payekha ndi tsamba limodzi lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi nkhani. Ukamvetsera kwa kanthawi kochepa umadziwa pamene waima: sadziwa n'komwe zilembo, kapena zilembo akudziwa koma mawu ayi, kapena mawu akuwerenga koma ndime ikumukanika. Ndiye kwa nthawi ina patsiku ana amakhala m'magulu monga mwa pamene afika, osati monga mwa kalasi kapena zaka. Akangodziwa za gulu lawo amasamukira lotsatira. Akatswiri a bungwe lofufuza njira zochepetsera umphawi la J-PAL, kuphatikizapo Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anaiyesa kangapo ku India n'kupeza kuti imathandiza. Ku Zambia anaiyamba mu 2016 ndi dzina loti Catch Up, kwa ana a giredi 3 mpaka 5. Chimene chimandisangalatsa n'choti inapangidwira makalasi odzaza, opanda zipangizo zambiri.

A Hedi Opuma:
Magulu oterewa ndi abwino, koma ndichenjeze. Ana amadziwa. Ngakhale magulu muwatche mayina a maluwa kapena a mbalame, pofika Lachitatu aliyense akudziwa kuti gulu lakuti ndi la osakhoza. Chimene chimachotsa manyazi ndi kusuntha. Mwana akaona mnzake wachoka m'gulu lake sabata ino n'kupita patsogolo, amadziwa kuti khomo ndi lotsegula. Koma gulu likakhala lomwelo kuyambira teremu yoyamba mpaka yachitatu, mwamuuza mwanayo kuti malo ake ndi amenewo. Komanso wotsalira pa kuwerenga asakhale m'gulu lomwelo pa zonse. Mwina pa masamu ndi wotsogola, pa zojambula ndi katswiri. Ndipo gulu lotsalira ndi limene lizikhala nthawi yaitali ndi mphunzitsi. Ndinkaona kawirikawiri mphunzitsi akukokedwa ndi ana okhoza chifukwa amayankha bwino, otsalira n'kupatsidwa zokopera kuti angokhala chete. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Wa Maphunziro Apadera:
Ndikupempha kuti pamene tikukana zomata ana mayina tisataye limodzi ndi zosowa zenizeni. Pali mwana amene amayang'anitsitsa pakamwa pako ukamalankhula, amatembenuza khutu limodzi, ukamuitana ali chambuyo sayankha, ndipo amayamba waona zimene anzake akuchita asanayambe ntchito. Pepala la zokonda lidzati ameneyu ndi wophunzira poona. Koma mwina mwanayu sakumva bwino. Pali wina amene amatsinzina poyang'ana pabolodi, amakopera m'kope la mnzake, ndipo timamudzudzula kuti akubera. Mwina bolodi sakuliona. Ana achialubino ambiri maso awo amavutika ndi kuwala ndiponso kuona patali, afunika kukhala kutsogolo, kutali ndi dzuwa la pawindo, ndi zilembo zazikulu. Palinso mwana wochenjera polankhula, wofotokoza nkhani mogwira mtima, koma zilembo ndi maliwu ake zimamuvuta chaka ndi chaka. Ameneyu sitinganene kuti ndi wokonda kumva basi n'kumusiya. Afunika kuphunzitsidwa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza.

Aphunzitsi anzanga, chonde musamalankhule mutayang'ana kubolodi. Lembani, tembenukani, kenako lankhulani. Ndipo mukakayikira za maso kapena makutu a mwana, uzani makolo apite naye kuchipatala akayezedwe.

Mayi a Sitandade 2:
Zikomo achemwali, izi n'zofunika kwambiri. Koma ine pa nkhani ya zokonda sindinagonje kwathunthu. Tinene kuti kafukufuku akunena zoona, kutsata zokonda sikukweza malikisi. Nanga mtima wa mwana? Kamnyamata kanga kaja kasanagwire zitsekerero kankadana ndi masamu. Lero kamafunsa kuti masamu tiyamba nthawi yanji. Mwana wodana ndi phunziro sungamuphunzitse, kaya ukhale ndi njira yabwino chotani.

Wa ku Koleji:
Pamenepa ndili nanu mayi, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti zokonda za mwana n'zopanda ntchito. Kusiyana kwake kuli pa mmene tikuzigwiritsira ntchito. Mukadziwa kuti mwana amakonda mpira, muli ndi polowera. Nkhani yowerenga ikhale ya mpira, masamu a avareji akhale a zigoli. Mukadziwa kuti wina amachita mantha kuyankha pagulu, mumupatse mpata woyamba wanong'oneza mnzake yankho asanaimirire. Nthawi zina apatseni kusankha: mayendedwe a madzi kuchokera m'nyanja kupita kumitambo n'kubwerera, wina ajambule n'kulemba mayina, wina alembe ndime, wina afotokoze pakamwa. Kungoti mfundo zofunika zikhale zomwezo kwa onse, ndipo mwana asasankhe njira imodzi yomweyo chaka chonse.

Ndiye m'malo mwa pepala lija madamu, afunseni ana mafunso ena. N'chiyani chimene umachita kunyumba mpaka kuiwala nthawi? Ndi phunziro liti limene limakuopsa? Ukapanda kumva umatani? Umawerenga ndi ndani? Mayankho ake adzakudabwitsani, ndipo mwana amaona kuti mphunzitsi akufuna kumudziwa.

Wasayansi:
Ndionjezere kuti mawu ndi chithunzi zikaperekedwa limodzi zimathandiza pafupifupi aliyense, osati gulu limodzi. Richard Mayer wakhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri. Chithunzicho chikhale chofotokoza mfundo, osati chokongoletsa tsamba. Pa masamu ku Singapore amayamba ndi zinthu zogwirika, kenako zojambula, kenako manambala okha, potsata maganizo a Jerome Bruner. Ana onse amadutsa masitepe atatuwa. Kusiyana n'kwakuti wina achedwa pa loyamba, wina afulumira kufika pa lachitatu. Ndiye phunziro limakhala limodzi, osati anayi.

Wa Fomu 2:
Kwa ife a ku sekondale vuto lina ndi kawerengedwe. Ophunzira anga ambiri amati njira yawo ndi kuwerenga manotsi mobwereza mpaka aloweze. Ndikawauza kuti atseke kope alembe zimene akukumbukira amati zimenezo n'zovuta, sizigwirizana ndi iwo.

Wa ku Koleji:
Auzeni za Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke. Mu 2006 anapatsa ophunzira ndime zoti aphunzire. Ena anaziwerenga mobwereza, ena anawerenga n'kutseka n'kumayesa kukumbukira. Owerenga mobwerezawo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Patapita sabata imodzi, amene anakumbukira zambiri anali oyesa kukumbukira aja. Mungathe kuyesa zomwezi ndi kalasi yanu pa mitu iwiri yofanana kulimba, aone okha kusiyana.

A Hedi Opuma:
Kanthu kena kakang'ono kamene sikafuna kukonzekera kulikonse. Ukafunsa funso, dikira. Mary Budd Rowe m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kuyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposa, ana ambiri amakweza manja ndipo mayankho amakhala aatali, oganiziridwa. Ana ena amene timati ndi ochedwa amangofuna kanthawi kameneka. Ine ndinkauza aphunzitsi anga kuti awerenge chamumtima mpaka 5, ndipo asalole amene amakweza mkono msanga kuti azitenga mafunso onse.

Mphunzitsi Watsopano:
Ndalemba zonse. Funso lotsiriza, pepani ndakutopetsani. Nanga akutsogolo aja, amene amatha ntchito ine ndisanamalize kufotokozera anzawo? Pano ndimangowawonjezera masamu ena khumi, kapena kuwauza kuti akathandize anzawo.

Wamasamu:
Simunatitopetse madamu. Masamu ena khumi ofanana ndi oyamba mwana amawaona ngati chilango cha kukhoza, ndipo posakhalitsa amaphunzira kuchedwa dala. Mupatseni funso limodzi lozama pa mutu womwewo. Pa kuchotsera kuja muuzeni apeze masamu asanu amene yankho lake ndi 14, ndipo onse akhale ofuna kubwereka. Ayamba ndi kungoyesa, kenako azindikira yekha kuti nambala yam'munsi iyenera kuthera pa 6, 7, 8 kapena 9. Mufunse chifukwa chake. Kapena mulembereni masamu olakwika aja a 26, afotokoze kuti wolembayo ankaganiza chiyani ndipo angamuthandize bwanji. Pabolodi mungathe kulemba ntchito m'magawo atatu, loyamba la onse, lachiwiri lolimbirapo, lachitatu ngati limeneli. Onse ayambire pa loyamba, aliyense afike pamene angathe, inu mukhale pansi ndi amene akakamira poyambirira.

Mayi a Sitandade 2:
Za kuthandiza anzawo musasiye, koma muwaphunzitse kathandizidwe kake. Mwana ukangomuuza kuti kathandize mnzako, amapita n'kukamuuza yankho, mwinanso kumulembera. Anga ndimawauza kuti pothandiza manja akhale kumbuyo, pensulo agwire ndi mwini kope, ndipo wothandiza azifunsa kuti wayambira pati, ndionetse. Komanso zisakhale za tsiku lililonse, nawonso anabwera kudzaphunzira.

Wa Sitandade 4:
Madamu, tsamba loyesera kuwerenga lija mungathe kulipanga nokha. Lembani zilembo khumi zosakaniza, mawu khumi osavuta, ndime ya ziganizo zinayi zazifupi, ndi nkhani ya mizere ingapo yochokera m'buku la kalasi yam'munsi. Yambani ndi ndimeyo. Akaiwerenga bwino mupite naye ku nkhani, ikamukanika mutsike naye ku mawu, kenako ku zilembo. Muziitana ana ochepa patsiku pamene ena akulemba ntchito, ndipo mukhale naye pambali kuti anzake asamve akamaphonya. Mukonzenso tsamba lachiwiri la mawu ena, chifukwa oyamba kuyesedwa amakauza anzawo zimene zilipo.